Kiyi akakana kutembenuka, oyilo ndi pulayala si mankhwala

Ndiyambe ndi kuulula tchimo langa, chifukwa mukadzalimva kwa ena mudzandiseka koposa. Ine amene ndimaima kutsogolo kwa kalasi n'kumalemba za friction pa bolodi, ndinathira mafuta ophikira m'loko wa njinga yanga yamoto. Inde, omwewa okazingira mazira. Unali mwezi wa Juni, kiyi anali atayamba kulimba, ndipo ine ndinali nditachedwa. Ndinadontheza madontho awiri pabowo, kiyi n'kutembenuka mofewa ngati wachilendo. Ndinanyamuka ndikudzitama mumtima kuti sukulu ndi yabwino.

Pofika Seputembala zinthu zinatembenuka, koma kiyi ayi. Loweruka lina ndinaimika njinga pamsika wa pa Chulu, n'kukhoma mahandulo, n'kulowa m'sitolo. Pobwera, kiyi analowa mokakamiza, kutembenuka n'kukaniratu. Dzuwa linali litapendeka, m'chikwama muli mankhwala a mayi anga oti ndikawasiyire tsiku lomwelo. Amene mumakhala m'mbali mwa paki ya Kasungu mukudziwa chifukwa chake munthu safuna kuti mdima umupeze panjira akukankha njinga.

Anyamata a kabaza anandizungulira, aliyense ndi nzeru yake. "Thirani oyilo wakuda, aphunzitsi." "Ayi, brake fluid ndiye amatha zimenezi." Wina anali atabweretsa kale pulayala, ine n'kulandira. Ndili pafupi kupana mutu wa kiyi, bambo wina wachikulire amene amakonza njinga zakapalasa pansi pa mtengo anaimirira n'kunena kuti, "Aphunzitsi, kodi mukulimbana ndi ndani? Chitsulo sichimva ukali." Anagwira mahandulo ndi dzanja limodzi, n'kumawagwedeza pang'onopang'ono uku zala za dzanja linalo zili pa kiyi. Kiyi anatembenuka. Atamuzula anamupukuta ndi chala, chala chonse bii. "Munathiramo chiyani umu?" Ine ndinangoyang'ana kumbali.

Zimene ndikufuna kunena lero ndi izi: loko wa njinga akalimba, zinthu ziwiri zimene dzanja limathamangira, mafuta ndi mphamvu, ndi zomwezo zimene zimamupha. Ndipo mwana wa sekondale amene waphunzira friction ndi moment ali nazo zonse zomuyenereza kuletsa achimwene ake a kabaza, bambo ake, ngakhale aphunzitsi ake, asanathyole kiyi.

Wina anena kuti nkhani ya kiyi ndi yaing'ono. Kuno si yaing'ono. Fodya akagulitsidwa ku Chinkhoma, ndalama zambiri zimathera pa ma Lifo, ma Sanlg, ma Kinglion ndi ma Boxer amene mumawaona m'misewumu. Njinga yomweyo ndiyo imanyamula feteleza, ndiyo imathamangira ndi mayi woyembekezera kuchipatala usiku, ndiyo imabweretsa fizi ya ena mwa inu. Kiyi akathyokera m'loko, wa kabaza wataya tsiku lonse, mwina masiku awiri, ndipo ngati njingayo ndi ya bwana, ndalama ya tsikulo bwana amaifunabe.

Tiyeni tilowe m'kati mwa loko. Maloko ambiri a zitseko amagwiritsa ntchito timapini, njira imene Linus Yale Jr. wa ku America anailembetsa mu 1861 ndi 1865. A njinga zamoto ambiri ndi achibale ake, kungoti m'malo mwa timapini muli tizitsulo topyapyala. M'kati mwa loko muli kamgolo kamene kamazungulira, ndipo tizitsuloti tandandalikidwa m'kamgoloko, kalikonse kali ndi zenera pakati pamene kiyi amadutsa. Kalikonse kalinso ndi kasipuling'i kake kamene kamakakankhira kunja, nsonga yake n'kukalowa m'kangalande ka m'khoma la loko. Kachitsulo kalikonse ndi kampiringidzo, titero. Kiyi woyenera akalowa, mano ake amakokera timipiringidzo tonse m'kati, kalikonse pa mlingo wake, kamgolo n'kumasuka. Kamodzi kokha kakatsalira kunja, ngakhale ndi theka la milimita, basi, palibe chozungulira.

Chofunika kuchigwira apa ndi timasipuling'i. Ganizani kasipuling'i ka m'bolopeni, kenako mukachepetse kangapo. Mphamvu yake ndi yochepa zedi. Kanapangidwa kuti kazikankha kachitsulo koyera m'njira yoyera, osati kulimbana ndi phala.

Nanga phalalo limachokera kuti? Bowo la kiyi pa njinga zambiri limayang'ana kumwamba, ndipo kuyambira Meyi mpaka mvula yoyamba fumbi la kuno mukulidziwa. Lole ikadutsa mumatseka maso, kamvulumvulu wa mu Okutobala amalowetsa dothi mpaka m'makope. Fumbi louma likalowa m'loko wouma, lambiri limatuluka lokha, lina pa kiyi, lina ndi kugwedezeka kwa njinga. Koma likapeza mafuta limakhazikika. Lero pang'ono, mawa pang'ono.

Fumbi limeneli si ufa wofewa monga limaonekera. Muli tizidutswa ta mchenga, ndipo mchenga wambiri ndi mwala wotchedwa quartz. Mu 1812 Friedrich Mohs wa ku Germany anasanja miyala pa sikelo ya kulimba yoyambira 1 mpaka 10, lamulo lake n'loti cholimba chimakanda chofewa. Quartz ali pa 7. Brass, chitsulo chosakaniza mkuwa ndi zinc chimene amapangira makiyi ambiri ndi tizitsulo ta m'loko, ali cha m'ma 3 mpaka 4. Ndiye mukasakaniza mchenga ndi mafuta mwapanga chiyani? Mwapanga chinthu chofanana ndi phala limene amakaniko amagula dala kuti aperere ma valve a injini. Kiyi akamalowa n'kumatuluka kakhumi patsiku, mukupera loko wanu nokha.

Mafuta ophikira ali ndi mlandu winanso. Akakhalitsa pa mpweya amagwirizana ndi oxygen, timamolekyu take n'kumalumikizana kukhala tizingwe titalititali tomata. Simukufunika labotale kuti muone zimenezi. Yang'anani m'mphepete mwa chiwaya cha tchipisi, kapena kukamwa kwa botolo la mafuta limene linatha kalekale. Zomata zofiirira zija, zonga ulimbo, zokana sopo. Ndi zimene ndinaika m'loko wanga mu Juni, ndipo zinatenga miyezi itatu kuti zipse. Oyilo wakuda wochotsedwa mu injini naye amabwera ali kale ndi mwaye komanso tizinyenyeswa ta zitsulo, n'chifukwa chake anamuchotsa. Brake fluid amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo akadonthera pa thanki amadya penti. Onjezanipo nkhani ya viscosity: mafuta amalimba kukazizira. Ngati kiyi wa kwanu amavuta m'mamawa wa mu Julayi koma masana n'kumafewa, funsani amene anathiramo kanthu.

Koma tsiku lija pamsika, phala silinali lokha. Bambo aja sanatsuke chilichonse, anangogwedeza mahandulo. Chinachitika n'chiyani?

Mukakhoma mahandulo, loko amatulutsa kachitsulo konenepa kamene kamalowa m'felemu ya njinga. Mukaimika njinga pamalo opendekeka, kapena wina akaitsamira, tayala lakutsogolo limafuna kukhota, ndipo kulemera konseko kumapanikiza kachitsulo kaja cham'mbali. Mukukumbukira F = μN? Mu 1699 Guillaume Amontons wa ku France anaonetsa kuti friction imakula molingana ndi mphamvu imene ikupanikiza zinthu ziwiri pamodzi. N akakula, F amakulanso. Kiyi wanu wamng'onoyo ayenera kukoka kachitsulo kamene kapanidwa ndi kulemera kwa njinga. N'chimodzimodzi ndi boliti wa chitseko chimene chinagwa mbali: mukhoza kumenya mpaka chala kutupa, koma mukangonyamula chitsekocho pang'ono, boliti amatsetsereka yekha. Anyamata aja ankafuna kuchepetsa μ ndi oyilo. Ine ndinkafuna kuwonjezera mphamvu ndi pulayala. Bambo aja anachotsa N. Sindikudziwa ngati anafika Fomu 1, koma funso limeneli akanalikhoza iwo, ine n'kulakwa.

Tsopano pulayala. Apa tengani cholembera. Tiyerekeze kuti mutu wa kiyi ndi wotambalala masentimita 2.5, ndipo chala chachikulu ndi chamkombaphala chilichonse chikukankha ndi 20 N mbali zosiyana. Moment yake ndi 20 N kuchulukitsa ndi 0.025 m, yankho 0.5 N m. Tsopano panani mutu womwewo ndi pulayala ya masentimita 15 mopingasa, mukankhe kumapeto ndi 20 N yomweyo. Mupeza 3 N m, kuchulukitsa kasanu n'kamodzi, musanawonjezere mphamvu ngakhale pang'ono. Ndipo munthu wokwiya sakankha ndi 20 N. Akafika 50 N, ndiye 7.5 N m, kuchulukitsa ka 15 mphamvu ya zala ija.

 Mutu wa kiyi ndi waung'ono, moti kawirikawiri zala zanu zimatopa kiyi asanathyoke. Pulayala imachotsa chitetezo chimenecho. Ndipo mphamvu yonseyo ikupita kuti? Kampiringidzo kotsalira kaja sikasuntha chifukwa chopotokola, kamangopanikizika kwambiri, N uja n'kukula. Chotsala n'chakuti kiyi apotoke, ndipo amapotokera pamene pali mpata wozama kwambiri pakati pa mano, poti ndi pamene chitsulo chachepa. Lero apindika pang'ono, mumuwongola ndi mwala. Mawa chimodzimodzi. Amene munathyolapo waya popindapinda mukudziwa mathero ake. Theka la kiyi limatsala m'dzanja, theka m'loko.

Chachitatu chimene chimalimbitsa loko ndi kiyi mwini wake. Mano amatha. Ikani kiyi wa tsiku ndi tsiku pambali pa wosungira uja amene ali m'chikwama cha amayi, muone kusiyana kwake: wina mano akuthwa, wina ozungulira ngati mwala wa mumtsinje. Mano akatha sakwezanso tizitsulo kufika pa mlingo. Apa ngakhale mutathira botolo lonse, palibe chosintha. Mukapita kukadulitsa wina ku Kasungu, tengani wosungirayo, osati wakuthayo, chifukwa makina amakopera zimene awapatsa. Fotokope ya fotokope mumaidziwa. Ndipo chonde, muwauze achimwene anu achotse pa kiyi wa njinga chimtolo chija cha makiyi a nyumba, a golosale, chotsegulira mabotolo ndi chodulira zikhadabo. Chimalendewera n'kumagwedezeka pa bampu aliyense, kiyi n'kumadya loko njinga ikuyenda.

Ndisawanamizire anyamata a kabaza. Si opusa, ndipo injini amaidziwa kuposa ine. Akamati oyilo amathandiza, akunena zimene anaona ndi maso: anathira, kiyi anatembenuka. Inenso ndinaona zomwezo. Vuto n'lakuti phindu limaoneka pompopompo, pamene chilango chimabwera patapita miyezi, munthu ataiwala kale zoti anathira kanthu. Loko akadzalimbanso amati oyilo uja watha, n'kuthira wina. Diso la tsiku limodzi silingagwire chinthu chotere. Pamafunika kuyesa zinthu ziwiri mbali ndi mbali n'kudikira, ndipo ntchito ya sayansi ndi imeneyo.

Ndivomerenso kuti mafuta ali ndi malo ake. Nthawi ya dzinja madzi akalowa m'loko n'kuyamba dzimbiri, mankhwala opopera ngati WD-40 amathandiza. Anapangidwa mu 1953 ku San Diego, ndipo zilembo W ndi D zikuimira ntchito yake yothamangitsa madzi. Amasungunulanso phala lakale, kiyi n'kumalitulutsa. Koma amasiya kamafuta kopyapyala, ndipo chilimwe chikafika fumbi limakapeza. Ndi wabwino potsuka, koma kwa ife a kufumbi kuno si wosiya momwemo n'kuiwala.

Chimene loko wa kuno amafuna ndi choterera chouma, ndipo muli nacho m'chikwama. Mtima wa pensulo si mtovu monga ena amanenera, ndi graphite, mtundu wina wa carbon. Mu Chemistry munajambula maatomu ake atalukana m'timabwalo ta ngodya zisanu n'chimodzi, m'magawo osanjikizana. M'kati mwa gawo limodzi maatomu agwirana zolimba, koma gawo ndi gawo agwirana mofooka, ngati mulu wa mapepala a mayeso: pepala limodzi kulikoka kuti liduke n'kovuta, koma mulu wonse ukaukankha cham'mbali umatsetsereka. N'chifukwa chake pensulo imalemba, n'chifukwa chakenso imatereretsa. Pa sikelo ya Mohs ili pakati pa 1 ndi 2, ndiye singakande brass. Ndipo poti ndi youma, fumbi lilibe pogwira.

Pang'ono ndipatuke, poti nkhaniyi imandikoma. Buku limathera pa magawo otsetsereka, koma pali zina. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndege zitayamba kuuluka m'mwamba kwambiri, timabulashi ta carbon ta m'majenereta ake tinkatha mofulumira modabwitsa. Zinadzadziwika kuti graphite amaterera bwino pokhapokha pali kachinyezi mumpweya, ndipo m'mwambamo mpweya ndi wouma. Pansi pano chinyezi chilipo chokwanira, ngakhale mu Okutobala. Komanso mu 2004 Andre Geim ndi Konstantin Novoselov ku Manchester anasenda graphite ndi selotepi mpaka kutsala gawo limodzi lokha, lotchedwa graphene, ndipo mu 2010 analandira mphoto ya Nobel ya Physics. Mwala umenewu tili nawo m'dziko muno. Ku Malingunde ndi ku Kasiya m'boma la Lilongwe kuli graphite, ndipo kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals inafufuzapo kumeneko.

Koma pensulo si yamatsenga, ndipo sindikufuna mukaononge njinga ya bambo anu n'kumati aphunzitsi ndiwo ananena. Choyamba, mtima wa pensulo si graphite yekha. Kuyambira 1795, pamene Nicolas-Jacques Conté wa ku France anapeza njira yake, amasakaniza graphite ndi dongo n'kuotcha. Chilembo H chikusonyeza kuti dongo lachuluka, B kuti graphite wachuluka. Dongo ndi lokhakhala, ndiye 2H musaiyandikize n'komwe. HB yolembera mayeso ikhoza kukupulumutsani panjira, koma yabwino ndi 4B kapena 6B, zojambulira zija. Chachiwiri, graphite amadutsa magetsi, ndipo kunsi kwa loko kuli swichi ya magetsi a njinga. Osapera pensulo n'kuthira ufa wodzaza supuni m'bowo. Ingodetsani kiyi mbali zonse ndi m'mano momwe, mulowetse, mutulutse, mubwereze kangapo. Chachitatu, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa, graphite akapeza mafuta akale amapanga matope oipa kuposa oyamba aja. Loko amene analawapo mafuta ayambe watsukidwa.

Wanga tinachita chonchi. Lolemba lake ndinapita kwa makaniko, tinachotsa waya wa batire, n'kumasula loko yense pa njinga. Anapatula mbali ya swichi, ya pulasitiki ija, n'kuiika padera, kenako mbali ya chitsulo anaitsuka m'kachitini ka parafini, akulowetsa kiyi n'kumatulutsa mpaka zakuda zitasiya kutuluka. Tinaupopa ndi pampu ya njinga yakapalasa, n'kuuyanika padzuwa masana onse. Utauma gwa, pensulo. Musayese kuthira petulo m'loko ali pa njinga batire lili lolumikiza, chifukwa swichi imatha kuthetheka. Ndipo mukafuna kusuzumira m'kati mwa kamgolo, chitani pa nsalu yoyera, chifukwa timasipuling'i tija tikadumphira m'dothi simudzationanso.

Mwaona kuti dongosolo lake likuyambira pa zosalipira. Gwedezani mahandulo. Yesani kiyi wosungira. Pukutani kiyi pa nsalu yoyera muone ngati akutuluka ndi fumbi louma kapena zakuda zomata. Chilichonse mwa zitatuzi chikukuuzani chimene chagwira, ndipo simunaononge kalikonse.

Pali njira ina yachidule imene ndimaiona kwambiri ndipo ndimadana nayo. Loko akavuta, ena amangodula mawaya n'kuika kaswichi ka nyali pansi pa thanki. Njinga imalira, inde. Koma mwataya loko wa mahandulo, ndipo aliyense amene wakuonani mukulizitsa kamodzi wadziwa polizira. Nkhani za njinga za kabaza zobedwa mumazimva pa wailesi. Mawaya opota ndi manja n'kukulunga pepala la shuga amakhulanso pa felemu, tsiku lina fyuzi n'kupsa muli pakati pa tchire. Mawaya ake ndi ati sindilemba pano, mundikhululukire.

Musandikhulupirire chifukwa ndine mphunzitsi, mwaona kale zimene mphunzitsi anachita mu Juni. Tengani zitsekerero zitatu za mabotolo, zachitsulo zija, muzitsuke ziume. China mupake kadontho ka mafuta ophikira m'kati, china mudetse ndi pensulo, chachitatu musiye chomwecho kuti chikhale choyerekezera. Muziike pawindo loyang'ana kumsewu, pamene nkhuku sizifika. Pakatha masiku atatu muuzire chilichonse kamodzi, kenako mupitse chala n'kutikita pa chikhadabo kuti mumve ngati pali mchenga. Chamafutacho musachitaye. Chisiyeni pawindo pomwepo mpaka teremu ithe, mudzachikhudzenso tsiku lotsekera, ndipo mudzachitenge mukawaonetse achimwene anu pa siteji.